Kanyama kosaponda pansi

Owerenga wina wandilembera pa imelo za opossum wa ubweya wofewa wa ku South America, Caluromys philander. Akuti: "Poti a IUCN anakaika m'gulu la nyama zosadetsa nkhawa, mukukadandaulira chiyani?" IUCN ndi bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, lomwe limaika nyama m'magulu potengera chiopsezo chakuti zingathe. Funso lanuli landikhudza, chifukwa mawu oti "zosadetsa nkhawa" agonetsa anthu tulo pa nyama zambiri.

Kanyamaka kamalemera magalamu 140 mpaka 390, ndipo kamapezeka ku Trinidad, Venezuela, Guyana, Suriname, French Guiana mpaka ku Brazil. Kamayenda usiku kokhakokha, kakudya zipatso, tizilombo ndi timadzi ta m'maluwa. Mchira wake ndi wautali kuposa thupi, kunsonga ulibe ubweya, ndipo umagwira nthambi ngati dzanja. Kakhalidwe kake nkofanana ndi ka changa, koma chibale palibe: changa ndi mbale wa anyani, pamene aka kamalera ana m'kathumba ka pamimba. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 24, pomwe opossum wa ku Virginia amaswa pa masiku 13 okha. Mawere ndi 7, ndiye ana sangapitirire pamenepo.

Chachikulu nchakuti kanyamaka sikatsika pansi kawirikawiri. Kumpoto kwa mzinda wa Manaus ku Brazil, pa ntchito yofufuza zigawo za nkhalango yomwe Thomas Lovejoy anayambitsa mu 1979, Jay Malcolm anakweza misampha ndi chingwe mpaka mamita pafupifupi 15. Nyama yomwe misampha ya pansi inkaonetsa ngati yosowa inapezeka kuti ndi yochuluka kumwambako. Choncho wotchera pansi nkunena kuti "kuno kulibe" sanafufuze ayi. Sanganenenso ngati chiwerengero chikutsika, poti sanawerengepo nkomwe.

A IUCN amayang'ana dera lonse la nyamayo, ndipo la aka ndi lalikulu zedi. Sakunena kuti kankhalango ka mahekitala 10 kozingidwa ndi msipu wa ng'ombe kali bwino. Nthambi zikasiya kukhudzana, kanyamaka katsekeredwa, ngakhale mitengo ikuoneka kutsidya. Zipatso zikatha m'kachigawoko kalibe kolowera, ndipo amayamba kufa ndi ana oyamwa.

Mitengo nayo imaluza. Ku Panama, mbale wa kanyamaka, Caluromys derbianus, amapita usiku ku maluwa a mtengo wa balsa, kulowetsa mutu kuti amwe timadzi, nkuchokapo nkhope ili mbuu ndi mungu. Timakonda kutamanda njuchi ndi mileme, kuiwala kuti palinso ena aubweya ogwira ntchito yomweyo mumdima. Ine ndimati wodula nkhalango nkusiya mitengo yotayanatayana sanasunge kanthu, wangosiya mthunzi wa ng'ombe.

Umboni wabwino unachokera ku Peru, kuchigwa cha Urubamba. Podula njira ya paipi ya gasi, Tremaine Gregory ndi anzake a ku bungwe la kafukufuku la Smithsonian anaonetsetsa kuti pamalo 13 nthambi za mbali ziwiri zisiyidwe zikukhudzana. M'chaka chimodzi makamera anajambula nyama za mitundu 25 zikuwoloka pamwambapo kupitirira ka 3,000. Nyama za m'mitengo zomwe zinayesa kudutsa pansi zinali zowerengeka chabe. Palibe chomwe anamanga, anangoleka kudula.

Zoyenera kuchita

Mitengo yosiya iikidwe chizindikiro odula asanafike, chifukwa akadutsa mlatho wachilengedwe umatenga zaka kuti ubwerere. Powerenga nyamazi, misampha ikwere kumwamba, nyambo ikhale nthochi yakupsa. Muione m'bandakucha, poti nyerere ndi dzuwa zimapha kanyama kotsekeredwa, ndipo mukamasule madzulo pamtengo womwewo. Mukaika kamera, thyolani masamba onse omwe ali pasanathe mita imodzi ndi theka kutsogolo kwake, apo ayi mphepo idzakudzazirani khadi ndi zithunzi zopanda kanthu, batire nkutha.