Yatsekedwa, yatsekeka kapena yotseka?

Funso: Ndikumasulira phunziro la mmene akatswiri amakonzera chipinda choyendetsera makina pamalo opangira magetsi a nyukiliya. Pali kanyali kosonyeza mmene valavu (chipangizo chotsegula ndi kutseka njira ya madzi kapena nthunzi m'paipi) ilili. Pansi pake ndilembe kuti "yatsekedwa" kapena "yatsekeka"? Anzanga akuti zonse n'chimodzimodzi.

Yankho: Sichimodzimodzi ayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanalembe.

Tikati chitseko chatsekedwa, m'maganizo mumabwera munthu amene wachikankha. Mawu a -edwa ndi -idwa amaloza wochita, ngakhale sitinamutchule. Tikati chatsekeka, wochita palibe: mwina ndi mphepo, mwina chadzitsekera chokha. Koma pa zinthu zodutsa madzi kapena mpweya, "kutsekeka" kuli ndi tanthauzo lina. Paipi ikatsekeka ndiye kuti mwalowa zinyalala, ngati mmene mphuno zimatsekekera ndi chimfine. Woyendetsa makina akawerenga kuti "valavu yatsekeka" angaganize kuti yawonongeka. Mawu amenewo asiyeni.

"Yatsekedwa" nayonso sindikhutira nayo, ndipo chifukwa chake ndi zimene zinachitika pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, pa 28 Malichi 1979. Valavu yotulutsira nthunzi inatseguka monga inayenera, koma sinabwerere. Kanyali ka m'chipinda choyendetsera makina kanazima, ogwira ntchito n'kukhulupirira kuti valavuyo yatseka. Chonsecho kanyaliko sikankaona valavu yeniyeniyo. Kankangosonyeza kuti magetsi oitsegula adulidwa, kutanthauza kuti yalamulidwa kutseka. Madzi oziziritsa riyakita (chipangizo chimene chimatulutsa kutentha kwa nyukiliya) anakhala akutayika kwa maola oposa awiri, ndipo pafupifupi theka la chigawo chake chamkati, momwe mumakhala yureniyamu (chinthu chimene chimapereka mphamvu ya nyukiliya), linasungunuka. Anthu aja sanali aulesi kapena osadziwa ntchito. Anakhulupirira zimene kanyali kapakhoma kanawauza, uku maalamu oposa 100 akulira m'mphindi zoyambirira.

Mwaonatu: kutuma mwana kuti akatseke chitseko ndi kwina, kupeza chitsekocho chili chotseka ndi kwinanso. "Yatsekedwa" imaphatikiza ziwirizi, ndipo munthu wotopa, pakati pa usiku, sangazilekanitse. Ndiye muyambe mwafufuza kuti kanyali kanuko kakuyeza chiyani. Ngati kakungotsimikiza kuti batani ladinidwa, lembani kuti "YALAMULIDWA KUTSEKA". Ngati pavalavupo pali kachipangizo koona mmene ilili, lembani kuti "YOTSEKA". Umu ndi mmene timayankhulira kale: munthu akagwira chitseko n'kupeza kuti sichikusuntha, amati "n'chotseka". Akunena zimene waona, osati zimene wina anafuna kuchita.

Pali kanthu kenanso kamene ndimakaona kuti n'kofunika kwambiri. Ena amati kutsekula, ena kutsegula, ndipo onse akulondola. Koma tayang'anani mawuwa ali pafupi: YOTSEKA, YOTSEKULA. Zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira n'zofanana, ndipo diso lothamanga silifika kumapeto kwa mawu. YOTSEGULA imasiyanako msanga chifukwa cha "g" ija, choncho sankhani imeneyo, ndipo muigwiritse ntchito pakhoma lonse ndi pamakompyuta onse. Ngakhale zili choncho kusiyanako n'kochepa, n'chifukwa chake okonza zipindazi sadalira mawu okha. Amawonjezera mtundu wa nyali ndi kachithunzi ka valavu kamene kamasintha maonekedwe. M'kumasulira kwanu muonetsetse kuti mawu, mtundu ndi kachithunziko zikunena chinthu chimodzi.