Kukonza Nyumba Zakale za Alimi ku Wales

FUNSO: Ndamva kuti akatswiri amakana simenti pokonza nyumba zakale za alimi ku Wales. Bwanji, pomwe simenti ndi yolimba?

YANKHO: Owerenga athu, vuto ndi kulimbako. Makoma a nyumbazi ndi a miyala yomangidwa ndi laimu, ndipo m'dera la Ceredigion ena ndi adothi losakaniza ndi udzu. Akanyowa ndi mvula amaumanso okha. Mukawamata simenti, madzi amalowera m'ming'alu n'kutsekeredwa mkati. Mitengo imayamba kuola kumapeto komwe yalowa m'khoma, ndipo khoma ladothi limatha kugumuka.

Gobani simentiyo ndi tchizulo, osati makina, chifukwa amabenthula miyala. Nyowetsani mipata ya pakati pa miyalayo, kenaka mateni laimu gawo limodzi ndi mchenga magawo atatu. Musagwire ntchitoyi m'nyengo yachisanu: laimu wosauma amang'aluka n'kuyoyoka. Pomaliza pakani njereza mopyapyala katatu kapena kanayi.

Ngati nyumbayo ili m'kaundula wa Cadw, nthambi ya boma la Wales yoteteza nyumba ndi malo akale, kusintha maonekedwe ake kumafuna chilolezo cha khonsolo.

Nyumbazi n'zoyeneradi kuzisamala. Ku St Fagans, malo osungirako zinthu zakale ku Cardiff, komwe kunatsegulidwa mu 1948, kuli nyumba ya Cilewent, momwe banja ndi ng'ombe zake ankagona pansi pa denga limodzi.