Za bokosi la perefyumu uja

Ee, asuweni, ndamva. Dikira kaye ndichepetse wailesiyi... eya. Ukuti bokosi la perefyumu wa abambo uja likhale lakuda kapena lagolide, poti mutu wake ndi nyimbo. Iwe, ine ndimakudziwa. Za mtundu ukungonamizira. Mtima wako uli pa zija zinachitika paukwati uja, timabokosi tili mbwee pansi pa mipando. Sindinatchule dzina, usafufume.

Paja amalume a ku Joni unawapeza atatha kale mphamvu. Anabwerako 1974... ayi ndanama, 1974 ndi pamene ndege ya Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, inagwa ku Francistown ku Botswana, Kamuzu n'kuletsa anthu kupita kumigodi. Iwo anafika chaka chinzake. Anabwera ndi gumbagumba ndi mbale za nyimbo zing'onozing'ono zija za 45. Zina zinapindika ndi dzuwa, zina tinaswa ndife, tinkaziyesa mawilo a galimoto zamawaya. Anatikwapula, koma osati kwambiri. Tsiku limene mkulu wako anang'amba chikuto chake, chipepala chabe, eee! Anagona kwa agogo masiku atatu. Zikutozo ankazisunga m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi chiphaso chawo chakumigodi. Loweruka akasamba, adzole mafuta awo aja oboola mphuno, atulutse chimodzi, aziwerenga mayina a nyimbo mokweza, phazi likugunda pansi. Gumbagumbayo atafa kalekale! Azakhali amvekere, mukuvina ndi pepala kodi?

Ndimati chiyani... eya, bokosi. Lipange ngati la kaseti. Botolo la 50ml silingalowemo, ndikudziwa, koma timabotolo tolawitsa ta 2ml tilowa bwinobwino. Kumbuyo ulembe fungo ngati mndandanda wa nyimbo. Side A, lomwe limayamba kumveka, la mandimu lija, silichedwa kuuluka. Side B, lotsalira pakolala mpaka madzulo, la sandalwood kapena musk. Kazenera kapulasitiki koonetsa botolo usaike, kuwala kumaononga perefyumu. Nkhope ya woimba usadinde wosamupempha, ndipo ukafuna QR code yoti munthu amvere nyimbo, uyambe wafunsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Ndalama za loya ulibe, ndi ine yemwe udzandiimbire usiku.

Ndiye nkhani ndi iyi: mwamuna achite nalo manyazi kulitaya. Perefyumu adzatha, koma bokosilo likakhale pashelefu, mnzake akabwera alitole, afunse kuti ichi n'chiyani. Wamva? Lisapite kudzala, lipite m'sutikesi ngati zikuto za amalume. Lakuda, lagolide, zako izo... chabwino, lakuda, golide wotchipa amasuluka m'manja. Koma likhale loti munthu asunge, basi.

Undisungireko limodzi. Lodzaza, osati lopanda kanthu ngati muja unachitira pa Khirisimasi.