Amandimwetulira koma sandiitanira kwawo

Mayi wina wosamalira okalamba ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, wanditumizira imelo. Wakhalako miyezi isanu. Akuti anthu amamumwetulira, podikira basi amacheza naye za mvula, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuitanirapo kunyumba. Funso lake ndi lakuti, "Kodi anthuwa amandikondadi, kapena n'chiphamaso?"

Achemwali, si chiphamaso ayi. Kuno munthu akakupatsani moni sayembekezera kumva mmene mwadzukira ndi ana. Yankho ndi "grand", kutanthauza kuti "ndili bwino", basi, ngakhale mtima ukuwawa. Ngakhale eni dziko okhaokha amatero.

Za kunyumbazo, taganizirani mmene anthu akukhalira. Ku Dublin nyumba zikusowa, lendi ndi yoboola m'thumba, moti ambiri a msinkhu wokhala paokha adakali kwa makolo, ena akugawana khitchini ndi anthu osawadziwa. Mlendo amulandirira pati? N'chifukwa chake macheza amachitikira ku pub, malo omwera mowa ndi kucheza, komwe mutha kuitanitsa tiyi popanda wokudabwani.

Ubwenzi kuno umamera pamene nkhope yanu ikuoneka sabata ndi sabata. Loweruka lililonse 9:30 m'mawa m'mapaki ambiri mumakhala parkrun, kuthamanga pagulu makilomita 5 kwaulere, ndipo kuyenda n'kololedwa. Ngati muli ndi ana, alembetseni ku kalabu ya m'dera lanu ya GAA, bungwe la masewero a chikhalidwe cha ku Ireland. Makolo amadziwana ataima m'mbali mwa bwalo. Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi maliro. Apa anthu a ku Ireland tikufanana nawo zedi: amapita ngakhale ku maliro a kholo la mnzawo wa kuntchito, ndipo zilengezo za maliro amaziona pa tsamba la pa intaneti la RIP.ie. Mnzanu akaferedwa, pitani mukamugwire chanza. Sadzakuiwalani.

Sindikubisirani, tsankho liliko. Pa 23 November 2023 anthu odana ndi obwera anachita chipolowe pakati pa Dublin, n'kutentha mabasi ndi sitima ya mumzinda yotchedwa Luas. Komabe amene akukumwetuliraniwo musawaike m'gulu limenelo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nyengo yozizira. Mu December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 n'kulowa cha m'ma 4 koloko, ndipo kusungulumwa kumakula ndi mdimawo. Funsani ku famase za vitamini D, poti ife a khungu lakuda timalangizidwa kumwa chaka chonse. Usiku ukakutalikirani, imbani 116 123 kwa a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika mumtima, ndi ulere nthawi iliyonse. Mundilemberenso mwezi wamawa, ndimve ngati munapita ku parkrun kuja.