Ndodo iyambe yapumula, kamuyezetseni maso kaye

Mayi amene mwafunsa za mwana wanu wa Sitandade 3, woti masamu asanu okha a homuweki amamutengera madzulo onse, amadzukadzuka, amalira, mpaka bambo ake ayamba kunena kuti ndi ulesi wofunika ndodo: chonde ndodoyo iyambe yapumula. Njira imeneyi ndinadutsamo ndi mwana wanga wachiwiri.

Ine ndinkakalipa tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina ndinakhala pansi n'kuyang'anitsitsa kope lake. Masamuwo ankawerengera bwinobwino, koma anali atakopera zolakwika pabolodi. Pamene aphunzitsi analemba 38, iye analemba 33, ndipo mzere wina anaudumpha wonse. Kufunsa komwe amakhala, akuti kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khoma, poti kutsogolo amalanda malo ndi anzake amphamvu. Mwana amene wakula akuona mwachimbuuzi sadandaula, amayesa kuti aliyense amaona choncho. Inu ndi amene muyenera kumugwira: kodi amatsinzinira poyang'ana patali, amayandikitsa buku kumphuno, amapendeketsa mutu, amatikita maso, kapena amati mutu ukuwawa akangowerenga pang'ono?

Yesani izi masana kunja kukuwala. Lembani manambala papepala, ena aakulu ena aang'ono, mulimate pakhoma. Mwanayo aime mamita 6 kuchoka pamenepo, monga amachitira kuchipatala, atseke diso limodzi ndi chikhatho n'kuwerenga, kenako linalo. Mnzake wamsinkhu wake awerengenso kuti muyerekeze. Komatu akakhoza musati nkhani yatha, chifukwa ana ena amaona bwino patali koma maso amawatopera akamawerenga pafupi, ndipo zimenezo amazipeza ndi achipatala okha. Yambirani kuchipatala chaching'ono chakwanuko kapena cha boma, akulozerani. Ku Blantyre kuli chipatala cha maso cha Lions ku Queens, ku Lilongwe kuli ku Kamuzu Central ndi ku Nkhoma. Ngati diso limodzi likuyang'ana kumbali, musachedwe, pakuti limachirika bwino mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8. Ndipo za kudontheza mkaka wa m'mawere, zitsamba kapena mankhwala otsala a munthu wina m'maso mwa mwana, ayi ndithu.

Maso akapezeka kuti ali bwino, muonenso makutu, njala ndi tulo. Mwana wa msinkhu umenewo amafunika kugona maola 9 kapena kuposerapo, osati kuonera filimu ndi akuluakulu mpaka pakati pa usiku.

Alipo ana amene kusakhazikika ndi chibadwa chawo, madokotala amati ADHD. Ameneyo mumamudziwa poti sizichitika pa homuweki pokha. Kusukulu n'chimodzimodzi, kutchalitchi n'chimodzimodzi, mukamutuma mchere kugolosale amabwera ndi machesi. Musanyengeke poona kuti amatha maola awiri akupanga galimoto ya mawaya, chifukwa chinthu chowasangalatsa amachigwiritsa, chotopetsa n'chimene chimawapulumuka. Koma dzina la vutoli atchule ndi achipatala, osati ife makolo.

Pakadali pano sinthani kachitidwe. Homuweki ichitike dzuwa lisanalowe, atadya komanso atasewerako, osati usiku pa kandulo magetsi atazima. Wailesi ndi TV zizime, ang'ono ake akasewere kuseri. Phimbani tsambalo ndi pepala kuti liwoneke samu limodzi lokha, pakuti tsamba lodzaza limamuopseza asanayambe n'komwe. Powerenga aziika rula pansi pa mzere. Agwire mphindi 10, apume pang'ono, akamwe madzi, abwerere. Akafuna kulemba ataimirira, musiyeni. Mayankho musamulembere, aphunzitsi angamayese kuti zonse zili bwino.

Aphunzitsiwo kaonaneni nawo maso ndi maso, kope lili m'manja, muwapemphe amuike kutsogolo. M'kalasi yodzaza ngati zathuzi n'zovuta kuti aone okha mwana mmodzi amene akutsinzinira kumbuyo. Mufunsenso ahedi ngati m'dera lanulo muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, mmodzi wa aphunzitsi aja amaphunzira ntchitoyi kukoleji ya Montfort ku Nguludi.

Wanga uja anapatsidwa magalasi. Sabata yoyamba ankawabisa m'chikwama poopa kusekedwa ndi anzake, ndiye inunso mudzakonzekere nkhondo imeneyo.