Kodi lathe yaing'ono yotchipa ndi yodalirika?

Funso: Ndimasema mbale ndi miyendo ya mipando pongosangalala. Ndigule lathe (makina ozunguza mtengo pousema) yaing'ono yotchipa?

Yankho: Achimwene, choyamba inyamuleni. Ikapepuka ngati wailesi, isiyeni. Thunthu lake likhale la cast iron (chitsulo cholemera chochita kuumba), apo ayi idzanjenjemera mukangoikapo mlombwa, mbale n'kutuluka yamabampu. Kenako, pa nsonga ziwiri zopanira chomwe mukusema, kankhani yakumchira ikakumane ndi yakumutu. Zikapanda kulunjikana ndendende, musagule, ngakhale akutsitsireni mtengo.

Mota ya mawati 250 imangokwanira zogwirira ndi tinthu ting'onoting'ono. Mbale imafuna pafupifupi 500, komanso liwiro lotsika poyambira. Ine ndimakonda yosintha liwiro ndi lamba, chifukwa yosintha liwiro ndi zamagetsi ikapsa, wokonza amasowa. Chuck, yomwe imagwira chomwe mukusema, nthawi zambiri imagulidwa payokha, ndiye funsirenitu mtengo wake.