Khoti latsopano m'tauni: galimoto tipake kapena tiimike?

Mayi wina amene amamasulira zikalata wafunsa chonchi: wapatsidwa pepala la mapulani omanga khoti latsopano pakati pa tauni, ndiye malo a magalimoto aja alembe kuti paking'i kapena chani?

Mayi, pakamwa tonse timati paking'i, alonda nawo amati "pakani apa bwana" ndipo timamvana bwinobwino. Koma polemba samalani, mneni kupaka tinali naye kale, timapaka mafuta, timapaka penti, nde mukalemba kuti "ndalama zopakira magalimoto" wina aziganiza kuti boma likufuna kupenta magalimoto a majaji. Lembani kuti malo oimikapo magalimoto. Ka -po kumapetoko musakataye, ndi kamene kakunena kuti ndi pabwalo poyera, ndipo ngati mapulaniwo akunena za nyumba yosanja kapena chipinda cha pansi pa nthaka, zimene zimadula kwambiri koma m'tauni malo akachepa nkutani, pamenepo ndi -mo, nyumba yoimikamo magalimoto. Komanso galimoto imaima, dalaivala amaimika, wapolisi amaimitsa. Ambiri amasokoneza ziwiri zomalizazo, malo oimitsira magalimoto ndi rodibuloko amenewo, si pakhoti.

Bambo wina wa ku Ndirande akuti khoti ndi chizungu, bwanji osangoti bwalo la milandu ponseponse?

Bwalo la milandu ndi Chichewa chokoma zedi, chimachokera kumudzi kumene mfumu ndi nduna zake amazenga mlandu pabwalo. Pokamba za oweruza ndi chigamulo chawo ine ndimakonda limenelo, "bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri lagamula". Koma nkhani ikakhala ya njerwa ndi simenti, mukangoti akumanga bwalo anthu aziganiza za mpira ngati bwalo la Bingu ku Lilongwe lija linatsegulidwa mu 2017. Nenani kuti akumanga khoti, kapena nyumba ya khoti. Mawuwa anakhazikika kalekale achimwene, timati khoti lathu, makhoti athu, alowa m'gulu limodzi ndi bwalo, mabwalo.

Funso lachitatu ndi la ndalama, wophunzira wa utolankhani akufunsa ngati "mtengo wa khoti latsopano" zili bwino. Sizolakwika kwenikweni koma zikumveka ngati khotilo lili pamsika. Mtengo ndi wa chinthu chogula, thumba la simenti, malata, puloti. Ntchito yonse timati ndalama zomangira khoti, kapena monga amanenera anthu, ntchitoyi idya ndalama zakuti. Ubwino wa ka -ir- ndi -er- aka, kamene kali m'mawu ngati zomangira ndi zoyendetsera, nkuti kamakukakamizani kunena ntchito ya ndalamazo, zogulira malo, zomangira, zoyendetsera khotilo likatsegulidwa, ndipo bajeti yeniyeni imagawidwa choncho kumene. Mitengo ya zipangizo ndi imene imakwera, monga kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zikatero ndalama zomangira zimaperewera, sizikwera ayi. Chiwerengero lembani K20 biliyoni (ichi nchitsanzo chabe), osati mabiliyoni K20.

Funso lomaliza ndi la kulipira pa malo oimikapo aja. Apa mawu ndi atatu ndipo mukaphonya mwasintha nkhani. Wobwera kudzamvera mlandu amalipira. Khonsolo ya mzinda, kapena amene wapatsidwa malowo kuti aziyang'anira, amalipiritsa. Kulipitsa ndi kwa munthu wolakwa, amene waimika pamalo oletsedwa nkumulipitsa chindapusa, nde mukalemba kuti "anthu azilipitsidwa akaimika galimoto pakhoti" mwawapeza olakwa asanalowe n'komwe m'khotimo. Ngati mapulani akuti mboni ndi ogwira ntchito sazilipira, ingolembani kuti aziimika mwaulere.